Maluwa a pa Disiketi

Ku Dedza aliyense ankadziwa kuti mbale ikalowa m'nyumba ya Zuleika siituluka yopanda kanthu. Mukamutumizira ndiwo zamasamba, mbale yanu ibwerako ndi zitumbuwa. Mukamubwereka sefa, sefayo ibwera ndi mapichesi pamwamba. Amayi ake anamulera choncho, iye n'kuwonjezerapo zake. Ena ankati n'kukoma mtima, ena ankati n'kudzionetsera, koma zitumbuwazo onse ankadya.

Mwamuna wake, Harun, anali ndi sitolo m'mbali mwa msewu waukulu, nyumba yawo ili kuseri kwa sitoloyo. Chaka cha 1999 kunali chisankho, ndipo Harun ankagulitsa nsalu za zipani zonse pa shelefu imodzi, osafunsa munthu kumene mtima wake wagona. Chaka chomwecho m'nyumbamo munalowa kompyuta. Amene anabwera nayo ndi Latif, mlongo wake wa Zuleika, yemwe ankagwira ntchito ku Joni. Anaiika pa tebulo la pabalaza, n'kuilumikiza ku waya wa lamya ya m'sitolo. Anamuphunzitsa mlongo wakeyo kulemba, kusindikiza ndi kulowa pa intaneti, koma asanafike pa zoyenera kusamala tchuthi chinatha, munthu n'kukwera basi.

Zuleika anali wa mutu wogwira. Posakhalitsa mbiri inamveka kuti kwa a Harun kuli makina osindikiza za mitundumitundu, zofiira ndi zobiriwira zomwe, pomwe m'maofesi munali akuda okhaokha. Alembi, aphunzitsi ndi akalaliki anayamba kubwera kudzasindikiza makadi a ukwati ndi a chinkhoswe. Aliyense ankabwera ndi disiketi yake. Kwa inu amene simunaione, disiketi inali kapulasitiki kafulati kokwana m'thumba la shati, ndipo munthu ankasungamo zolemba zake n'kumayenda nazo.

Apa ndi pamene panagona vuto. Munthu akabwera ndi disiketi, Zuleika ankasindikiza ntchito yake bwinobwino, koma pobweza kanthuko mtima sunkamukhala. Kubweza chinthu cha mnzako monga chinabwerera, wopanda kuikamo ngakhale kanthu kochepa? Kwa iye chimenecho chinali chipongwe.

Tsiku lina ali pa intaneti anagwera pa tsamba lowala ngati sitolo ya amwenye pa Khirisimasi. Zilembo zinkathwanima, zikulonjeza mphatso zaulere, zikuti dinani apa. Zuleika anadina. Chimene anakopera chinali kapulogalamu kakang'ono: ukakatsegula, maluwa ankaphuka pa sikirini limodzilimodzi mpaka kudzaza, kanyimbo kakulira pansipansi. Anaitana Harun kuti adzaone, anaitana ndi anthu a nyumba yoyandikana nayo. Kuchokera tsiku limenelo disiketi iliyonse yotuluka m'nyumbamo inkatuluka ndi maluwa.

Kompyuta yake inayamba kuchedwa kudzuka m'mawa, nthawi zina n'kungouma pakati pa ntchito. Koma unali mwezi wa Juni, ndipo Juni wa ku Dedza mukumudziwa, amaumitsa ndi anthu omwe. Zuleika anati ndi chisanu. Anaifunditsa bulangete la mwana wake Rahma, nkhani n'kuthera pomwepo.

Mnzake wa pamtima anali Jestina, mlembi wa pa ofesi ya parishi ina ya Akatolika m'deralo. Jestina anali wamasiye, ndipo ana ake ankadya ndi kuphunzira chifukwa cha ntchito imeneyo basi. Chinzake chawo chinali chakale. Zuleika akubereka Rahma, amene anamugwira dzanja ndi Jestina. Pa Idi Jestina ankadya mpunga kwa Zuleika, ndipo pa Khirisimasi ankanyamula nkhuku yamoyo kupita nayo kwa Harun kuti aizinge ndi iyeyo, mnzake asaope kudya. Naye Jestina anabwerako ndi disiketi ya nyimbo za kwaya kuti zisindikizidwe mokongola, ndipo naye anabwerera ndi maluwa ake.

Patapita masabata angapo, m'mawa wina wa pakati pa sabata, Zuleika anaona Jestina akudutsa pa sitolo atasenza dengu la mbatata ya kachewere. Anali atavala chitenje chakumunda, nthawi yoti akhale ku ofesi.

“Amake Alvin, kodi lero kulibe ntchito?” anafunsa Zuleika, pomutchula dzina la mwana wake woyamba monga ankachitira nthawi zonse.

Jestina anatula dengu. “Andipumitsa, anzanga. Kompyuta ya ku ofesi yafa. Abambo Bartholomew andilanda kiyi, akuti ndidikire akuluakulu a mpingo akumane Loweruka. Akagamula kuti ndichoke, ndiye kuti ndachoka.”

“Aa! Ndiye mwaipha ndinu? Makina safa okha?”

“Akuti ndinalowetsamo zachilendo.” Jestina anayang'ana pansi, akukonza nkhata yake. “Zisiyeni. Mulungu alipo.”

Zuleika zinamupweteka kwambiri. Anamulowetsa m'nyumba, namuphikira tiyi wamkaka, n'kuyamba kuwadzudzula Abambo Bartholomew, munthu amene sanayankhulepo naye n'kamodzi komwe. Anati ndi ouma mtima, anati sadziwa mtengo wa sopo, anati munthu wopanda ana sangamvetse. Jestina ankangomwa tiyi wake. Pochoka, Zuleika anamuikira paketi ya shuga pamwamba pa mbatata, n'kubwerera m'nyumba akudziona kuti wachita zonse zimene bwenzi lingachite.

Lachinayi masana lamya ya m'sitolo inalira. Harun anakuwa kuti ndi ya ku Joni, Zuleika n'kuthamanga manja ali ndi ufa.

“Achemwali,” anatero Latif atamaliza malonje, “maluwa aja munanditumizira pa imelo, munawatenga kuti?”

“Mwawakonda? Ndinawapeza pa intaneti, aulere.”

“Kuno ku ntchito makina athu awakana. Muli vayirasi m'menemo.”

“Muli chiyani?”

“Matenda a kompyuta, achemwali. Ndi pulogalamu yoipa imene munthu wina analemba dala, n'kuibisa m'kati mwa maluwawo. Inu mukuonera maluwa, iyo ikulowa. Imayamba yabisala, kenako imawononga zolemba, mwina kompyuta osadzukanso. Ndipo disiketi iliyonse imene mwaikamo imatenga, n'kukapatsira kumene ikupita. Yanuyo sikuchedwa masiku ano?”

Zuleika anasuzumira pabalaza, pomwe kompyuta inali phee m'bulangete la Rahma. “Ndimayesa chisanu,” anatero ndi mawu aang'ono.

Latif anaseka, koma posamva mlongo wake akuseka naye anasiya. “Kulakwa ndi kwanga, ndinachoka ndisanakuuzeni. Mverani tsopano. Tsamba likamakuthwanimirani kuti dinani apa mulandire chaulere, litsekeni. Chikomekome cha nkhuyu, m'kati muli nyerere. Pulogalamu musamatenge paliponse, koma kwa eni ake amene anaipanga. Chinthu chikabwera pa imelo, ngakhale chitachokera kwa ine, musatsegule musanandifunse ngati ndatumizadi ndine. Disiketi ya munthu muziyamba mwaipima. Kodi maluwawo mwapatsako ena?”

M'maso mwa Zuleika munkadutsa anthu onse amene anatuluka pakhomo pake akumwetulira, disiketi m'thumba. Kenako anaona Jestina ndi dengu pamutu, ndipo anakhala pa thumba la mchere. Amene anachotsetsa mnzake ntchito sanali wansembe wouma mtima uja. Anali iye mwini, ndi mphatso yake.

Atatsitsa lamya anamufotokozera Harun zonse. Harun anayamba waona ngati pakhomo pali munthu, n'kutsitsa mawu.

“Amake Rahma, nkhani iyi ithere m'nyumba muno. Konzani yanuyo mwakachetechete, basi.”

“Nanga Jestina?”

“Tidzamuthandiza m'njira ina. Taganizani bwino. Nthawi ya chisankho ino anthu mitima ili m'mwamba. Mawa imveke kuti Asilamu a pa sitolo paja apha kompyuta ya tchalitchi, mukuganiza kuti adzafunsa ngati munachita dala? Tili ndi ana ife.”

Harun sanali munthu woipa, ndipo mantha ake sanali opanda pake. Zuleika anadziwa zimenezo. Nayenso ankaopa, ndipo kuposa mantha anali ndi manyazi, poganiza kuti dzina lake la mayi wopatsa lisanduka nthabwala ya pa chigayo. Anayesa kusesa, anayesa kutsuka mbale, koma paliponse ankangoona Jestina akumwa tiyi uja mwakachetechete.

“Bambo a Rahma,” anatero atabwerera m'sitolo, “mnzako akapsa ndevu umamuzimira. Nanga moto wake ukakhala kuti wayatsa ndiwe, ungakhale pansi n'kumaonerera? Loweruka ndipita.”

Harun anangopukusa mutu, n'kupitiriza kuyeza misomali.

Lachisanu m'mawa Zuleika anaimbira Latif, ndipo Latif anamutchulira adiresi ya kampani yopanga pulogalamu yopha mavayirasi, chilembo ndi chilembo, kuti ailembe yekha osadina china chilichonse panjira. Kukopera pulogalamuyo inali ntchito ya tsiku lonse. Waya wa lamya unkaduka pakati, iye n'kuyambiranso. Unadukanso, anayambiranso, akutukwana chamumtima. Nthawi yonseyo lamya ya m'sitolo inali yotsekeka, ndipo Harun ankang'ung'udza kuti maoda ake a ku Lilongwe akudutsa. Koma dalaivala wina atalowa kudzapempha kuti aimbe, Zuleika anamva mwamuna wake akuyankha kuti, “Pepani achimwene, lamya ili pa ntchito yofunika. Kayeseni ku positi.” Anamwetulira yekha pabalaza.

Dzuwa likupendeka pulogalamu inatheka. Itayamba kupima, inapeza vayirasi paliponse, ngati anankafumbwe m'thumba la chimanga. Anaichotsa yonse, maluwa aja n'kuwafufuta ndi dzanja lake. Kenako anatenga disiketi yatsopano, naikamo mankhwalawo monga Latif anamulangizira, n'kukankha kachotsekera kapakona kuti china chilichonse chisalowemo. Bulangete analibweza pa bedi la Rahma.

Loweruka kunacha ndi nkhungu yoti phiri la Dedza osaoneka. Zuleika anavala mpango wake wabwino nanyamuka. Anali asanalowepo pa bwalo la parishi chibadwire, ndipo pa geti anaima kaye ngati wabera munthu. Pa benchi la panja pa ofesi panali Jestina, manja ali m'chitenje. Atamuona anadzidzimuka.

“Mukudzatani kuno, amake Rahma? Bwererani.”

Zuleika anangomudutsa. Anafika pakhomo n'kunena kuti, “Odi!”

M'katimo munali Abambo Bartholomew, munthu wamtali wa magalasi, ndi akuluakulu a mpingo atakhala mozungulira tebulo. Wapampando wawo anali a Gerevazio, kalaliki wa pa ofesi ina m'tauni, ndipo kuodira kwa Zuleika kunawadula pakati pa mawu akuti munthu wosasamala katundu wa mpingo sayenera kusungidwa. Onse anatembenuka. Kompyuta inali pakona, yophimbidwa ndi nsalu yoyera ngati maliro.

Zuleika anawapatsa ulemu, nadzitchula dzina ndi la mwamuna wake. Atayamba sanaimenso. Anafotokoza za tsamba lothwanima, za maluwa, za mlongo wake wa ku Joni. “Amene anaika matenda pa disiketi ya mayi ali panjawo ndine, Abambo. Iwo sanandipemphe. Ndinkayesa ndikuwapatsa mphatso. Ngati pali woti alangidwe, ndi ine ndaima panoyu.”

Abambo Bartholomew anavula magalasi n'kuyamba kuwapukuta.

“Ndiye ndinu,” anatero. “Katswiri wa ku Lilongwe anandiuza pa lamya kuti vuto ndi maluwawo. Mayi Jestina ndawafunsa mpaka kutopa kuti anawatenga kwa yani. Yankho lawo limodzi lomwelo, akuti anaiwala. Chimene chinandikwiyitsa n'chimenecho, kuposa kufa kwa makinawa.”

Zuleika anatembenukira kukhomo. Jestina anali ataima pamenepo, maso ali pansi.

“Pepani,” anatero a Gerevazio, mawu awo atatsika kwambiri. “Maluwa mukunenawo, ndi aja amaphuka kanyimbo kakulira?”

“Omwewo, bambo. Inunso ndinakuikirani, tsiku lija munadzasindikiza makadi a chinkhoswe cha mwana wanu.”

A Gerevazio anayamba kukanda m'mutu. Zinadziwika kuti maluwawo anawatsegula pa kompyuta ya ku ntchito kwawo, n'kuitana ofesi yonse kudzaonera, ndipo sabata imeneyo makinawo anali atayamba kuuma. Mayi wina wa m'komitimo anabisa kukamwa ndi chitenje. Za munthu wosasamala katundu sizinamvekenso.

Zuleika anatulutsa disiketi yake. “Sindikulonjeza, Abambo, koma ndiloleni ndiyese.”

Anachotsa nsalu yoyera ija, nalowetsa disiketi, n'kuyatsa. Makina analira, akuluakulu onse ataunjikana kumbuyo kwake, ena akupumira pa mpango wake. Zilembo zinayamba kuyenda pa sikirini. Zinatenga nthawi yoti munthu akanatha kuphika nyemba, ndipo Zuleika ankapemphera chamumtima m'njira yake, akudziwa kuti amene amuzungulirawo akupempheranso m'njira yawo. Pomaliza anachotsa disiketi, nazimitsa, n'kuyatsanso. Kompyuta inadzuka.

Sizonse zinabwerera. Nyimbo zambiri za kwaya zimene Jestina analemba miyezi yapitayo zinali zitawonongeka, zongoti mabokosi ndi zilembo zosawerengeka. Koma ntchito zina zonse za ofesi zinalipo.

Abambo Bartholomew anamuitana Jestina kuti alowe. Sanamunyengerere. Anamukumbutsa kuti lamulo linali loti disiketi ya ofesi isatuluke, ndipo iye anaitulutsa. Jestina anavomera kulakwa kwake. Akuluakulu anayang'anizana, a Gerevazio n'kukhala oyamba kunena kuti munthu salakwira mtengo, ndipo kukhululuka ndi kwa Akhristu. Wansembeyo anapisa m'thumba natulutsa kiyi.

“Nyimbo zotayikazo mudzazilembanso,” anatero pomupatsa. Kenako anatembenukira kwa Zuleika. “Inu mayi, mankhwala anuwo mutisiyireko, ndipo mudzawaphunzitse anzanuwa kupima chilichonse chisanalowe umu. Koma ndiye muli ndi ulendo. Maluwawo munapatsa anthu angati?”

“Ambiri, Abambo,” anayankha Zuleika. “Ndiyambira kwa a Gerevazio Lolemba.”

Anthu anaseka, iyenso anaseka, ngakhale makutu ankamutentha ndi manyazi.

Potuluka nkhungu inali itayamba kukwera phiri. Azimayi awiriwo anayenda mpaka kumsewu waukulu, Jestina akumanga kiyi pa ngodya ya chitenje chake. Pa siteji maminibasi opita ku Chimbiya ankaitanira anthu. Zuleika anaima.

“Amake Alvin, munkadziwa?”

“Ndinkadziwa.”

“Tsiku lija mumamwa tiyi kwathu, ine ndikutukwana Abambo, munkadziwa kale?”

“Ndinkadziwa. Tiyi wake anali wokoma.”

“Musaseke! Bwanji simunanene? Mukanachotsedwa ntchito lero lomwe lino. Ana mukanawadyetsa chiyani?”

Jestina anamangitsa mfundo ya chitenje ndi mano, kenako anamuyang'ana. “Ndikanakutchulani, dzina lanu likanamveka tchalitchi chonse, ndipo mukudziwa pakamwa pa anthu nyengo ino. Akanayamba kulambalala sitolo yanu, ena akanachita zoposa pamenepo. Ndinagona nazo, ndinadzuka nazo. Ndinaona kuti ntchito ndikhoza kupeza ina, kaya ya ganyu m'minda ya mbatata. Koma Zuleika wina ndikanakamupeza kuti?”

Zuleika analira. Sanalire mobisa ayi, analira pamsewu pomwepo, mayi wamkulu, mkazi wa mwini sitolo, oitanira minibasi atasiya kukuwa n'kumamuyang'ana. Ankalira chifukwa cha manyazi, komanso chifukwa anali asanadziwe kuti pali munthu amene angamukonde mpaka pamenepo.

“Pukutani misozi, inu,” anatero Jestina, akumukoka dzanja kuti awoloke msewu. “Anthuwa aziti ndakumenyani.”